Utsi wa pa doko la Kachulu

Chidutsireni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, nyanja ya Chilwa yadzaza kuposa mmene ambiri a ife tinaionerapo, ndipo madzi ameza malo ambiri a m'mbali mwake. Pa Kachulu, doko lalikulu la mbali ya Zomba, malo ena amene kale kunali maenje ndi migolo yowambira nsomba lero pakuyandama mabwato. Owamba anasamukira kumtunda n'kukumba maenje ena, ndipo mtsikana amene akuyamba geni ya nsomba chaka chino sangakulozereni pamene panali moto wa amayi ake. Anthu a kuno amawerenga zaka ndi madzi. Adzakuuzani kuti uje anabadwa nyanja itaphwa mu 1968, uje anakwatira mu 1995 anthu akupita wapansi pa chilumba cha Chisi, uje anagulitsa khoka lake madzi atathawanso mu 2018. Mbiri imeneyo oisunga alipo ambiri. Ine ndikulemba ya utsi, chifukwa malo ake amira, eni ake ambiri anatsogola, ndipo otsalawo ali m'makonde kumudzi, sangathe kukupatsani moni wonse osaima kaye kuti akoke mpweya.

Agogo anga aakazi, amene anakulira m'mbali mwa mtsinje wa Likangala, ankati pa utsikana wawo nsomba sizinali za ndalama kwenikweni. Amuna ankatchera mono m'madambo ndi m'mathiriro a mitsinje, ankamanga mabiyo a bango, ndipo maukonde ochepa amene analipo ankalukidwa ndi ulusi wopota pantchafu kuchokera ku makungwa a zitsamba monga chopwa. Ukonde umodzi unkadya miyezi kuti uthe, ndipo ukapanda kuuyanika bwino unkaola. Pambuyo pake anthu anaphunzira kusolola ulusi m'matayala akutha a galimoto. Nsomba zogwidwa ndi zida zoterezi zinkakwana ndiwo za pakhomo, zotsalazo n'kusinthanitsa ndi chimanga, mapira kapena mchere. Matemba ankangoyanikidwa padzuwa. Zofuna moto zinali makumba ndi milamba.

Kuwamba linali luso, ndipo agogo ankanyadira nalo mpaka ukalamba wawo. Nkhuni zinkayenera kukhala zouma gwa, za mitengo yolimba monga mthethe kapena muwanga. Ankazisiya ziyake mpaka malawi atazilala, kutsale makala ofiira, kenako n'kuyala nsomba pa kansanja ka timitengo tauwisi. Moto wamalawi umapsereza khungu mkati muli mwauwisi, ndipo nsomba yotere pakapita masiku ochepa imagwa mphutsi. Mlamba ankaupinda, mchira n'kukafika kumutu, kuti ukwane pansanja ndiponso usathyoke mumtanga. Wodziwa ntchito ankadziwa ndi kununkhira kokha kuti nthawi yotembenuza yakwana. Sindikunena kuti kale kunalibe chifuwa. Makhitchini anali a utsi, madenga ake ali bii ndi mwaye, ndipo chibayo chinkatenga ana ambiri. Koma kuwamba inali ntchito ya madzulo amodzi, panja, mphepo ikuwomba, mawa lake munthu n'kupita kumunda. Panalibe woima pa utsi chaka chathunthu.

Zinthu zinatembenuka ndi ukonde wa nayiloni. Za chaka chimene unafika pa Chilwa akuluakulu sagwirizana: ena amati ndi nthawi ya Chitaganya, ena amati ufulu wa 1964 utayandikira. Chimene onse amavomereza n'chakuti ukonde wosaola uja unkatulutsa tsiku limodzi nsomba zimene mono sukanagwira mwezi wonse. Ageni anayamba kutsika ndi njinga zomangirira mitanga ikuluikulu, kupita nazo ku Zomba, ku Limbe, mpaka kumaesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene antchito ankafuna ndiwo zotsika mtengo. Mu 1970 njanji yopita ku Nacala inadutsa kumpoto kwa nyanjayi kudzera pa Nayuchi, ndipo madoko a mbali ya Machinga nawo anapeza njira ya kumisika. Zaka zabwino, nyanja yosazama imeneyi, yopanda mtsinje wotulukira, inkapereka gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a nsomba zonse zogwidwa m'Malawi muno.

Koma ayezi kunalibe, ndipo chigwa cha Chilwa chimatentha. Makumba ovuulidwa m'mamawa akafika madzulo osagulidwa ayamba kale kufewa. Choncho nsomba iliyonse yosapita yaiwisi inkayenera kugona pamoto. Kansanja ka agogo kanachepa. M'malo mwake anthu ankakumba dzenje lalitali, kuyalapo waya, kusanja nsomba mothithikana, n'kuvindikira ndi lata lakutha kapena masaka kuti utsi usathawe. Ena ankadula mgolo. Potembenuza nsomba munthu ankavundukula lata lija ataweramira dzenjelo, utsi wonse wosungidwa uja n'kumuwomba kumaso, ndipo ankatero kambirimbiri usiku umodzi, miyezi yotsatizana, kupatula pamene nsomba zavuta.

Ine ndinazindikira zinthu m'zaka za m'ma 1980, doko lili pachimake. Ukamatsika kuchokera ku Zomba, ulendo wa makilomita pafupifupi 30, utsi unkauona usanaone madzi, uli tolotolo pamwamba pa njedza. Chakumadzulo mphepo ikadeka sunkakweranso, unkangoyala pansi n'kulowa m'misasa, m'zovala, m'mabulangete, mu ufa. Pasukulu mwana wa padoko ankadziwika ndi fungo la yunifolomu. Phokoso la usiku ndikulikumbukira bwino: mafuta a mlamba akuthetheka pamakala, malata akugubuduzika, achule m'dambo, wailesi ya pagolosale, amayi akuitanizana kuti wina abwereke waya. Kukamayandikira mbandakucha, asodzi asanakankhe mabwato ndi nsungwi zawo zazitali, kunkayamba kutsokomola. Kunkayambira msasa umodzi, wina n'kuyankha, mpaka doko lonse. Munthu ankatsokomola nthawi yaitali, kukhakha, kulavula, kenako n'kuyatsa chingambwe chokulunga papepala la nyuzi, amvekere chimatsegula m'chifuwa. Ife ana tinkadziwa munthu mumdima ndi katsokomoledwe kake, ndipo palibe wamkulu aliyense amene ankachitcha matenda.

Panthawiyi nkhuni zabwino zinali zitayamba kale kutalika. Mapiri a pa Chisi anayera, ndipo nkhuni zinkabwera pa njinga kuchokera kutali, kumbali ya Chikala ndi m'munsi mwa phiri la Zomba, mtengo wake ukukwera chaka ndi chaka. Wowamba ankasonkha chilichonse choyaka: nkhuni zauwisi, mapesi, zitsononkho, mankhusu a mpunga, njedza youma. Zonsezi zimafuka kwambiri kuposa kuyaka. Majumbo a pulasitiki atachuluka, anasanduka choyatsira moto m'dzinja. Luso lodikira makala linatha popanda wolitsanzika, chifukwa kudikira makala n'kuwotcha ndalama, ndipo wageni akudikira ndi njinga yake kuti anyamuke kusanache. Utsi wa amayi anga unali woyera, wolemera, wolasa m'maso, wosiyana ndi umene agogo ankafotokoza.

Ntchito imeneyi kwambiri inali ya amayi, ndipo ambiri ankaigwira mwana ali kumbuyo. Izi zimandiwawa kuzilemba, chifukwa sankatero mwa kusasamala. Kunalibe womusiyira, ndiponso pa utsi udzudzu sunkafika, moti ena ankaona kuti akumuteteza ku malungo. Mapapo a mwana amakula mpaka atadutsa zaka za unyamata, ndipo amene akulira mu utsi, akudwaladwala chibayo, akudya moperewera, amafika pauchikulire ndi mapapo osafika pamene akanafika. Ambiri a ife tinayamba moyo ndi chifuwa chopunguka kale.

Amuna nawo anali ndi utsi wawo. Asodzi ambiri a pa Chilwa amakhala miyezi pakati pa nyanja m'zimbowera, tinyumba tomangidwa pa njedza yoyandama. Chimbowera n'chachifupi, chopanda zenera, chotsekedwa bwino chifukwa cha udzudzu ndi mwera wa mu Juni. M'menemo ankaphikiramo, ena kuwambiramo, koloboyi ikufuka, fodya akuzungulira, amuna angapo atagona mothithikana zovala zili zonyowa. Mmodzi akakhala ndi chifuwa chachikulu, anzakewo ankapuma mpweya wake usiku uliwonse. Ndipo ena mwa eni makoka anali amuna obwera ku Joni, amene anagula zida ndi ndalama za ku migodi. Ulendo wa ku migodi kudzera ku Wenela unaimitsidwa mu 1974 ndege yonyamula Amalawi itagwa ku Francistown, unayambiranso pansi pa TEBA, n'kudzatheratu cha mu 1988. Amuna amenewa anabwera ndi njinga, mawailesi ndi masutikesi, koma ena anabweranso ndi fumbi la miyala m'mapapo, limene silituluka ndipo limatsegulira njira TB. Amalume anga anali mmodzi wa iwo. Ankati kumgodi anathawa fumbi, osaona kuti pakhomo pawo pali moto wosazima.

Kenako inafika nthawi imene sitikonda kuikamba. Kuchokera kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kachilombo ka HIV kanalowa m'madoko mwamphamvu, chifukwa ndi malo a anthu oyendayenda, a ndalama za tsiku lomwelo, otalikirana ndi mabanja awo. TB inatsatira pambuyo pake. Masiku amenewo wopezeka ndi chifuwa chachikulu ankagonekedwa m'chipatala miyezi iwiri akubayidwa jakisoni tsiku lililonse, kenako n'kupitiriza mapiritsi kunyumba. Msodzi wogona miyezi iwiri ndiye kuti banja lagona ndi njala, choncho ambiri ankachedwa kupita, ena akangopezako bwino ankabwerera kunyanja mankhwala asanathe. Ma ARV aulere anayamba mu 2004, anthu ambiri a padoko atapita kale. Kuyambira nthawi imeneyo kutsokomola kunakhala chinthu chochititsa manyazi. Munthu ankabisa chifuwa kuopa kulozedwa zala, ndipo chifuwa cha utsi chinabisala pamodzi ndi cha TB.

Nyanja itaphwa mu 1995 utsi unaleka kwa kanthawi. Anthu anabalalika, ena ku Chiuta, ena ku Malombe ndi ku Mangochi, ena kukalima pansi pa nyanja pomwepo. Fumbi lotuwa la dothi la mchere linkauluka masana onse, koma amayi ankanena kuti m'maso mwasiya kuyabwa ndipo m'mamawa sakulimbananso ndi makhololo monga kale. Madzi atabwerera, lamulo latsopano la usodzi la 1997 linabwera ndi makomiti a m'madoko, nyengo yotseka nyanja m'dzinja, ndi malamulo a kukula kwa maso a ukonde. Zonsezo zinali zoteteza nsomba, ndipo zinali zofunika. Za anthu oima pamoto panalibe anakamba. Ukadandaula utsi nsomba zitachuluka, akuluakulu ankakuyankha kuti walira mvula walira matope. Mwambiwo ndi woona pa zambiri, koma pa nkhani iyi unatitseka pakamwa nthawi yaitali.

Azakhali anga ndiwo anandionetsa mapeto a ntchitoyi. Anawamba milamba kuyambira ali mtsikana, fodya sanamulawepo, ndipo anali mayi wamphamvu wosenza mtanga wodzaza kuchokera padoko mpaka pamsewu. Chinayamba ndi befu pokwera kachitunda. Kenako ndowa ya madzi inawakanika. Kenako kusesa pabwalo. M'chifuwa munkalira, makamaka nyengo ya chiperoni, ndipo chimfine chimene ena chinkawatha sabata imodzi iwo chinkawagoneka mwezi. Kuchipatala anawayeza makhololo mobwerezabwereza, TB osapezeka. Ankabwerako ndi mankhwala a chifuwa wamba, nthawi zina mapiritsi a mphumu, akuti palibe chimene chaoneka. Kumudzi mawu akuti sanapeze kanthu ali ndi tanthauzo lake, ndipo posakhalitsa mayina a anthu anayamba kutchulidwa, ndalama n'kuthera kwa asing'anga, ubale wina n'kusokonekera. Chaka chawo chomaliza ankagona chokhala atatsamira khoma, mapazi atatupa, chifukwa mtima unali utatopa ndi kukankha magazi m'mapapo owonongeka.

Chimene chinkachitika m'chifuwa mwawo si chachilendo kwa madokotala. Utsi wa nkhuni uli ndi tizidutswa tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso, timene timadutsa mphuno ndi kukhosi mpaka kukafika pansi penipeni pa mapapo. Kumeneko timatupitsa njira za mpweya. Zikatupa zaka zambiri zimakhuthala n'kuchepa, zimatulutsa makhololo osatha, ndipo timatumba ta mpweya timang'ambika n'kuleka kufwamphuka. Mpweya umalowa koma umavuta kutuluka. Matenda amenewa madokotala amawatcha COPD, ndipo bungwe la WHO limati mu 2019 matendawa anapha anthu oposa 3 miliyoni padziko lonse. Kwa amene anadwalapo TB pali vuto lina: mankhwala a miyezi 6 amapha tizilombo, munthu n'kulembedwa kuti wachira, koma zipsera zimatsala. Mapapo ake amakhala ngati ukonde wosokedwasokedwa, umene umagwirabe nsomba koma sungapirire kukoka kwamphamvu. Munthu wotere akabwerera padzenje la utsi, kotsalako kamatha msanga. Chowonongeka sichibwereranso, ngakhale kuti kuchoka pa utsi, kusiya fodya, mankhwala opopera m'kamwa ndi kuchiza msanga chibayo zimatha kumupatsa zaka zina zopuma bwino.

Matenda a COPD amadziwika ndi kachipangizo kouzira mpweya kotchedwa spirometer, kamene kamayeza kuchuluka ndi liwiro la mpweya umene munthu akutulutsa. Si kachipangizo kakakulu, koma m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi n'kosowa. Dziko lathu linamanga njira yabwino yosakira TB, ndi malo osiyira makhololo m'midzi ndi makina oyezera mwachangu, ndipo njirayo yapulumutsa anthu ambiri. Koma funso limene imayankha ndi limodzi lokha. Yankho likakhala ayi, wodwala amabwerera kwawo ndi befu wake, ndipo salowa m'kaundula aliyense. N'chifukwa chake ndimati anthu awa sanawerengedwe. Amuna a kumigodi ya golide, atalimbana m'makhoti a ku South Africa, mu 2019 anavomerezedwa chipepeso cha 5 biliyoni randi chifukwa cha fumbi ndi TB. Kupeza ndalamazo si kophweka, koma dzina la matenda awo linalembedwa ndipo wolipira anapezeka. Mayi wowamba nsomba alibe bwana woti amusumire. Anthu amene tinadya milamba yake ku Ndirande ndi ku Bangwe, yotsika mtengo ndi yokoma m'nthawi ya njala, ndi ife tonse.

Kusintha kwina kwafika. Kuyambira cha mu 2010, ntchito yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa pa kusintha kwa nyengo, imene munali a LEAD a ku Chancellor College ndi a WorldFish, inabweretsa matenti a pulasitiki oumitsira matemba ndi dzuwa, komanso ng'anjo za njerwa zosanjikiza mathireyi, za mtundu umene unayambira kumadzulo kwa Africa monga ya Chorkor ya ku Ghana. Ng'anjo zimenezi zimadya nkhuni zochepa, nsomba zimatuluka zaukhondo, ndipo wowamba sakhala ataweramira moto usiku wonse. Amayi amene azigwiritsapo ntchito amaziyamikira. Koma n'zochepa, ndi za magulu, ndipo nsomba zikagwa zambiri tsiku limodzi palibe angadikire mzere nsomba zake zikufewa. Ng'anjo ya njerwa siyenda, pamene doko la pa Chilwa limayenda ndi madzi, chaka chino pano, chaka chamawa uko. Dzenje ndiye limatsatira nyanja kulikonse, ndipo kukumba kwake n'kwaulere.

Tisadzinamizenso kuti chipangizo chimodzi chithetsa zonse. Kafukufuku wamkulu wa mbaula zosafuka kwambiri, amene anachitikira ku Chikwawa ndi ku Chilumba pa ana oposa 10,000, zotsatira zake zitatuluka kumapeto kwa 2016 zinaonetsa kuti chibayo sichinachepe. Mwa zifukwa zake, utsi umafikira munthu kuchokera mbali zambiri: kukhitchini ya mnzake, kudzala loyaka, ku fodya. Padoko ndiye kwambiri, chifukwa ngakhale iwe uli ndi ng'anjo yabwino, maenje a anzako akuzungulira. Chofunika n'chakuti doko lonse ligwirizane kumene moto uzikhala, kutali ndi kogona, kumbali imene mphepo imapita, ndi malo osiyira ana. Makomiti a m'madoko amene amatha kulanda ukonde wosaloledwa angathenso kukamba zimenezi. Ndipo kufikira asodzi n'kotheka: mu 2016, kolera itabuka, a Unduna wa Zaumoyo ndi a MSF analowa ndi mabwato mpaka m'zimbowera kukapereka katemera. Bwato limene linanyamula katemera linganyamulenso kachipangizo kouzira mpweya ndi munthu wodziwa kukagwiritsa ntchito.

Msuweni wanga, mwana wa azakhali aja, ndi mmodzi mwa amene anasamukira kumtunda madzi atakwera. Anagula mgolo wodula ndi waya watsopano, ndipo akuwamba milamba monga amayi ake, chifukwa fizi ya ana ake imachokera pamenepo. Wamng'ono amamusiya kwa mnansi, ndipo moto anauika kutali ndi nyumba, zimene amayi ake sanachite. Koma wayamba kale kutsokomola m'mamawa, ndipo akasenza mtanga amatula panjira pamene kale sankatula. Makhololo anayezetsa, TB sanaipeze. Ndinamuuza kuti: "Asuweni, pitani ku Zomba, mukawauze zaka zimene mwakhala pamoto, mukapemphe kuti akuyezeni kapumidwe, osati makhololo okha." Sanakane. Anawerengera ndalama ya ulendo wopita ndi wobwerera, ndi nsomba za tsiku limenelo zimene zingawonongeke, ndipo wati apita nyanja ikatsekedwa mu Disembala, geni itaima.